Ndithandizeni: ulendo wa ku Voortrekker Monument pa 16 Disembala

Moni nonse abale ndi alongo. Ndimakhala ku Johannesburg, ndipo ndikufuna kupita ndi ana anga ku Voortrekker Monument ku Pretoria pa 16 Disembala. Mwana wanga wamkulu akuphunzira za nkhondo ya Blood River ya pa 16 Disembala 1838, ya pakati pa Mabunu (a Voortrekker) ndi Azulu, imene imakumbukiridwa pamalowa, ndiye ndikufunitsitsa akaone yekha dzuwa likulowa pakabowo ka padenga n'kuwalira pamwala wachikumbutso 12 koloko masana.

Vuto ndi lakuti galimoto ndilibe. Ndafufuza pa intaneti koma mitengo yolowera ikusiyanasiyana, ndipo anzanga amene ndawafunsa sanafikeko. Sitima ya Gautrain itifikitsa ku Pretoria, nanga kuchokera pasiteshoni tiyende bwanji? Matikiti a tsikuli amagulidwa pasadakhale? Ndikufunanso tikafike ku Freedom Park, malo ena achikumbutso a ku Pretoria komweko, kuti anawa akamve mbali ya anthu akuda pa mbiriyi. Zingatheke tsiku limodzi? Amene munapitako, chonde ndiunikireni.