Zoteteza makutu a ana ku mpikisano wa drag ndizipeza kuti?

Moni abale nonse, akuluakulu ndi anzanga okonda magalimoto. Ndili mu mzinda wa Tete, ndipo ndikufuna kupita ndi ana awiri, wa zaka 4 ndi wa zaka 7, kukaonera mpikisano wa drag (wothamangitsa magalimoto pa msewu waufupi wowongoka) ku Maputo. Aka n'koyamba kwa iwo. Chandivuta n'choteteza makutu awo.

Phokoso lopitirira madesibelo 85 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) limawononga makutu likatenga nthawi, ndipo galimoto yopanda sailensa ikamanyamuka imapitirira pamenepo kwambiri. Thonje silithandiza. Timapulagi ta siponji ta ku famasi ndayesa, koma ndi takuluakulu: kwa wamng'onoyo timangotuluka, chifukwa kabowo ka khutu lake n'kochepa. Ndafunsanso m'masitolo a zovala za ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize. Zovala kumakutu zilipo, koma nza akulu, zimasiya mpata m'munsi mwa khutu, ndipo mpata ukangotsala phokoso limalowa. Wamkuluyo amavala magalasi, timiyendo ta magalasiwo timatukulanso khushoni ya zovala kumakutuzo.

Ndikufuna za ana, zolembedwa SNR (nambala yosonyeza kuti zimachepetsa phokoso mochuluka bwanji) ya 25 kapena kuposa. Alipo wadziwa sitolo kuno, ku Chimoio kapena ku Maputo komweko, ndi mtengo wake mu meticais?

Chinanso, inu amene munapitako ndi ana: malo abwino ndi ati? Poyambira m'pamene pali phokoso lalikulu ndi utsi wa matayala akamawatenthetsa, ndiye ndikuganiza zokhala chapakati pa msewuwo, kuseri kwa mpanda. Kodi pamenepo mwana wamfupi amaona bwino?