Kodi "till death do us part" ndi chizungu cholondola? Nanga "do" ameneyu akutani pamenepa?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni ndisanawononge ndalama za anthu. Mchemwali wanga akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo ntchito ya makhadi anandisiyira ine. Pansi pa mayina awo akufuna pakhale mawu aja amalumbira m'tchalitchi, oti "till death do us part". Nditafika nawo kwa mnyamata wosindikiza, anangoyang'ana pepalalo, n'kuzula bolopeni pakhutu, n'kukhwacha "do" uja n'kulemba "does". Akuti imfa ndi chinthu chimodzi, ndiye mneni wake afunika "s" kumapeto. Mwana wa achimwene amene ali Fomu 3 wagwirizana naye, akuti aphunzitsi awo akanapazunguliza ndi inki yofiira. Koma ine maukwati onse amene ndapitako ndimamva "do". Kodi azibusa onsewa akhala akuthyola chizungu zaka zonsezi? Makhadi ndi 200, ndiye ndikufuna ndimvetse ndisanauze mnyamatayo kuti ayatse makina.

Wa ku Ndirande:
Aise, imfa ndi akuluakulu. Mungaitchule ngati mwana? Azungu anangoipatsa ulemu ngati mmene timanenera kuti "agogo abwera" pomwe ali okha. Kkkk.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Wa ku Ndirande mwandiseketsa, koma chizungu chilibe ulemu wa mtundu umenewo. Achimwene ofunsa, musasinthe kalikonse. Lamulo limene mnyamatayo akunena ndi loona, ndipo ndinaliphunzitsa zaka zambiri, choko chili m'manja: he comes, she goes, death comes. Kungoti limagwira ntchito pamene ukufotokoza chinthu chimene chikuchitika kapena chimachitika. Pamene ukunena chinthu chimene ukuchifunira munthu, kapena chimene sichinachitike, chizungu chakale chinkachotsa "s" ija. Ndi chimene amachitcha subjunctive.

Musaone ngati ndi zachilendo, ifenso tili nazo, ndipo zathu n'zamoyo kuposa zawo. Tamverani: "Mulungu amakudalitsani" ndi "Mulungu akudalitseni". Koyambako ukufotokoza zimene Mulungu amachita, kwachiwiriko ukumufunira munthu madalitso, ndipo chimene chasintha n'chakuti "ma" wachoka ndipo "a" wa mu "-tsani" wasanduka "e". Mzungu naye amati "God bless you", sanena kuti "God blesses you" munthu akayetsemula. Nyimbo ya fuko la Britain imati "God save the King". Atati aikepo "saves" ndiye kuti akungotiuza nkhani, sakupempheranso.

Tsono tayesani kutanthauzira lumbiro lanulo. Mutani? "Mpaka imfa itilekanitse." Onani kumapeto kwa mneniyo. Palibe Mchewa amene anganene kuti "mpaka imfa imatilekanitsa". Pamalo pomwepo pamene mzungu wakale anachotsa "s", ife timaika "e".

Wofunsa:
Aphunzitsi, pa "God bless you" ndamva. Koma imfa palibe amene akuifunira mnzake pa tsiku la ukwati. Komanso ine ndimamva anthu akuti "wait till he comes", ndi "s" yake. Nanga bwanji apa?

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Funso labwino. Lero n'zoona, pambuyo pa "till" anthu amaika "comes". Kale sizinali choncho, chifukwa chinthu chimene ukuchidikira sichinachitike. Ngati muli ndi Baibulo la King James la 1611, tsegulani 1 Akorinto 11:26, mupeza kuti likuthera ndi "till he come". Palibe "s". Chiyankhulo chinasuntha, koma mawu ena anatsalira pamene anali chifukwa anthu amawanena pamtima. Malumbiro, mapemphero ndi miyambi sizifulumira kusintha. Ngakhale kwathu kuno, m'miyambi muli mawu amene simungawamve pamsika.

Mayi wa mpingo wa Anglican, Nkhotakota:
Ndionjezereko pang'ono, chifukwa mawuwa kwawo ndi kumpingo kwathu. Poyamba penipeni panalibe "do" nkomwe. M'buku la mapemphero la mpingo wa England, Book of Common Prayer, limene linatuluka mu 1549 nthawi ya Mfumu Edward VI ndi Akibishopu Thomas Cranmer, munalembedwa kuti "till death us depart". Ndipo Cranmer sanawapeke yekha, anawatenga m'mwambo wakale wa ku Salisbury ya ku England umene unkatsatidwa m'madera ambiri a England mpingowo usanapatukane ndi Roma. Mapemphero anali m'Chilatini, koma malumbiro a ukwati ankanenedwa m'chizungu kuti akwatiwo adziwe chimene akulonjeza.

Mawu akale ofunika kuwamvetsa apa ndi "depart" ameneyu. Masiku ano timawaona pa bwalo la ndege ndi kudepoti ya mabasi, kutanthauza kunyamuka. Nthawi imeneyo ankatanthauzanso kugawa kapena kulekanitsa, ndipo anachokera ku Chifalansa. Mbale wake ndi "department", dipatimenti ija, yomwe ndi chigawo chabe cha ofesi yaikulu. Ndiye "till death us depart" kunali kunena kuti mpaka imfa itigawanitse.

Patapita zaka zoposa 100 tanthauzo limenelo linali litazirala, anthu akamva "depart" ankangoganiza za ulendo. Pa msonkhano wa ku Savoy, mumzinda wa London, mu 1661, pamene mabishopu anakumana ndi atsogoleri achipresibateriya amene ankadandaula ndi zambiri za m'bukulo, dandaulo limodzi linali la mawu amenewa. Zambiri zimene anapempha mabishopu anakana, koma ili analivomera. Buku la 1662 linatuluka ndi "till death us do part". Tatchulani mokweza: depart, do part. Anangodula mawu amodzi kukhala awiri, kamvekedwe n'kukhala pafupifupi komweko, moti gogo amene analumbira ndi buku lakale sakanadabwa kwenikweni pa ukwati wa mdzukulu wake.

Wa ku Ndirande:
Ndiye mukutanthauza kuti ngakhale azungu eniake anasokonezeka nacho chizungu chawo? Ine ndiye ndinkalakwa chiyani pa MSCE?

Wa ku Leeds, England:
Mayi a ku Nkhotakota anena zoona. Kuno m'matchalitchi a Church of England mpaka lero amati "till death us do part", "us" kutsogolo. Zoti "do us part" zinafala kwambiri ku America ndi m'mafilimu, ndipo ndikuganiza kuti ambiri a ife tinazitola kumeneko. Zonse ziwiri n'zovomerezeka. Kuika "us" mneni asanabwere ndi kasanjidwe kakale, khutu la lero limafuna kuti "us" abwere pambuyo, ndiye anthu anamusuntha pang'ono.

Chimene ndaona pokhala kuno n'chakuti anthu amanena zinthu zoterezi tsiku ndi tsiku osadziwa kuti zili ndi dzina. Amati "come what may", "so be it", "be that as it may", "heaven forbid". Mutamufunsa mnzanga wa kuntchito kuti bwanji sukunena "heaven forbids", angakuyang'aneni ngati mwamufunsa chifukwa chake madzi amanyowetsa. Amangodziwa kuti amanena choncho. Nthawi ina ndinalandira imelo yolembedwa "we request that he attend the meeting", ine n'kuganiza kuti wolembayo waiwala "s". Ndinatsala pang'ono kumukonza, mwamwayi ndinayamba ndafunsa. Kalembedwe kameneko n'kabwinobwino, makamaka ku America. Kuno ambiri amakonda kuikapo "should", kuti "that he should attend".

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Pamenepo mwandikumbutsa. Ife kusukulu tinkaphunzitsa kachidutswa kamodzi kokha ka zimenezi, "if I were you", ndipo ana ankangoloweza osadziwa chifukwa chake "I" akuyenda ndi "were". Ndivomere, nanenso sindinkawauza kuti ndi nkhani imodzimodzi ndi "e" wa mu "ndipite" kapena "abwere". Chichewa ndi chizungu tinkaziphunzitsa ngati anthu odana, wina chipinda ichi, wina chipinda icho. Mwana wa Fomu 3 uja musamukalipire, wanena zimene anamuphunzitsa. Pa mayeso alembebe "death comes". Koma pa khadi asakhudzepo.

Mayi wa mpingo wa Anglican, Nkhotakota:
Ngati mnyamata wosindikizayo akuvutabe, pali njira ina. A Episcopal, omwe ndi a Anglican a ku America, m'buku lawo la 1979 anangolemba kuti "until we are parted by death". Palibe "do", palibe "does", palibe mkangano. Koma kunena zoona, kwa ine sizikoma m'kamwa ngati zakale zija.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Ndapitanso kwa mnyamata uja masana ano, ndamuwerengera zimene mwalembazi pafoni. Anakanda m'mutu, n'kunena kuti iye asindikiza chilichonse chimene ndalipira, koma anthu akaseka ndisamutchule. Kenako ndinaimbira mchemwali wanga kumufotokozera za 1549 ndi 1662. Anandidula pakamwa, akuti azakhali ndi ankhoswe onse a kumudzi sawerenga chizungu, ndiye tilembe zonse ziwiri: pamwamba "till death do us part", pansi pake "mpaka imfa itilekanitse". Mnyamatayo akuti mzere woonjezerawo ndi ndalama zina.