Kanjanji kathu katsopano kakutitimira mvula ikagwa

Kapitawo wa ku Balaka:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tinayala kanjanji kapambali kolowera kunyumba yosungiramo nandolo ndi soya, kuti mabogi azidzaza pomwepo n'kulunjika ku Nacala. Tinamaliza mu Okutobala pansi pali gwa. Mvula itangogwa kawiri, malo atatu atsika. Bogi ikamadutsa, silipa (chogonera zitsulo za njanji) imamira n'kudzuka, matope akuda n'kumatumphuka pakati pa miyala ngati phala likubwata. Tapakira miyala pansi pa masilipa katatu konse, koma sabata isanathe patsikanso. Abwana akuti tingothira balasiti wina, miyala ya panjanji ija.

Madala opuma ntchito:
Musanathire mwala ndi umodzi womwe, kumbani kumutu kwa silipa mpaka miyala ithe. Mutiuze zomwe mwapezamo. Dothi lake ndi lotani?

Kapitawo wa ku Balaka:
Makande, madala, aja ong'aluka m'chilimwe mpaka phazi kulowa. Takumba m'mawa uno. Dzenje ladzaza madzi tikuona, chonsecho mvula inagwa Lachiwiri.

Madala opuma ntchito:
Ndiye musavutitse anyamata ndi kupakira. Makande akamwa madzi amafufuma n'kufewa, miyala imamira, pansi pamapangika chibeseni. Mukathira ina, beseniyo ikungozama. Ine ndinadyetsapo dothi lotere malole asanu ndi awiri a miyala, mpaka lero sindidziwa kumene inapita.

Wa ku Nkaya:
Koma kodi si kukulitsa nkhani uku? Awa ndi mabogi a nandolo, si malasha a ku Moatize. Kuno sitima imodzi imakoka mabogi opitirira 100, ndiye n'chifukwa chake njanji ya Kachaso kudzafika kuno inadya ndalama za kampani ya Vale choncho. Kanjanji kapambali n'kofunika zonsezo?

Mayi Injiniya:
Achimwene a ku Nkaya, dothi silifunsa kuti m'bogi muli chiyani, limangomva kulemera kwa pa ekiselo, chitsulo cholumikiza mawilo. Komanso amene amakankhira mabogiwo m'kanjanjiko ndi mutu wa sitima, wolemera chimodzimodzi kaya wabwera kudzatenga nandolo kapena feteleza. Bogi imodzi ikagwa pafupi ndi polumikizira, mwatsekereza njanji yaikulu. Mudzayankha ndinu zimenezo?

A Kapitawo, mvula ili mkati simungakonze zenizeni. Pakadali pano boolani beseniyo: kumbani timigula topingasa pakati pa masilipa, totsetserekera kungalande, mudzazemo miyala yoyera. Ngalande yam'mbali ikhale yozama kuposa pansi pa beseni, apo ayi madzi azibwerera. Suzumiraninso m'makalavati, nthawi zambiri mumakhala mutatsekeka ndi mapesi.

Kukauma mu Meyi, tukulani njanji pamalo atatuwo, chotsani miyala yamatopeyo pamodzi ndi makande apamwamba. Thirani dothi lagalavulo pang'onopang'ono, masentimita 15 n'kutsendera, 15 ena n'kutsendera, msana wake ukhale wopendekera kunja. Kenako yalani geotextile, nsalu yolekanitsa dothi ndi miyala, balasiti watsopano pamwamba. Miyala yakaleyo musaibwezere osaisefa.

Madala opuma ntchito:
Ndiwonjezere pa mawu a mayi. Silipa ikamavina, mabawuti ndi zopanira zimamasuka. Yezani mpata wa zitsulo m'mawa uliwonse, 1,067 mm, ndipo muone ngati mbali ina siyatsika kuposa inzake. Oyendetsa muwauze alowe mwa kayendedwe ka munthu.

Wa ku Nkaya:
Chabwino, ndagonja. Koma nsaluyo musaisiye padzuwa masabata, imafumbutuka.

Kapitawo wa ku Balaka:
Zikomo nonse. Takumba timigula tinayi dzulo, kamodzi kakutulutsabe madzi mpaka pano. Kalavati wakumunsi tinamupeza atadzaza mchenga ndi matumba a simenti amene tinasiya tokha. Abwana avomera zodikira Meyi, koma atamva mtengo wa geotextile angoti tikambirana. Mayi, mungandilembere mawu awiri oti ndikawaonetse Lolemba?