Phukusi latayika m'njira: ndani alipire, ndipo alipire zingati?

Wogulitsa makamera akale:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndinatumiza kamera kwa wogula wa kunja m'phukusi lolemera makilogalamu 2, ndipo patha miyezi iwiri nambala yake yolilondolera isakusonyeza kuti lasuntha. Wogula akufuna ndalama zake zonse, pamene ku positi andiuza kuti zikatsimikizika kuti latayika, chipukuta misozi chidzakhala chochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa kamerayo. Ine ndinkakhulupirira kuti phukusi likakhala ndi nambala ndiye kuti lili pa inshuwalansi.

Yemwe anagwirapo ntchito pa kauntala ya positi:
Mayi, pepani kwambiri, koma nambalayo imangothandiza kudziwa malo amene phukusi lafika pa ulendo wake. Phukusi wamba lopita kunja likatayika, malamulo a bungwe la mapositi a dziko lonse lapansi la Universal Postal Union, lomwe linakhazikitsidwa mu 1874, amaika malire a chipukuta misozi pa ma SDR 40, kuonjezerapo ma SDR 4.50 pa kilogalamu iliyonse, ndipo ndalama yotumizira imabwezedwanso. SDR ndi muyeso wa ndalama wa bungwe la IMF umene mapositi amawerengera pakati pawo. Phukusi lanu lingakupatseni ma SDR 49, ngakhale kamerayo itakhala yodula motani. Kuti mulandire mtengo wonse, munayenera kulembetsa mtengowo pa kauntala ndi kulipira inshuwalansi padera. Ndifunseko, munalemba mtengo wanji pa fomu ya CN 23, yopita kwa a kasitomu amene amatolera msonkho wa katundu wolowa m'dziko?

Wogulitsa makamera akale:
Bambo, ndinalemba theka la mtengo wake, chifukwa wogula anandichonderera kuti asalipire msonkho wambiri.

Wogulitsa zida za njinga:
Achemwali, apa ndiye pamene ambiri a ife timadzipweteka tokha. Wogula amapulumuka msonkho, koma chikalata chimene mwasaina ndi dzanja lanu chimadzakhala umboni wokutsutsani tsiku limene katundu watayika, popeza simungauze a kasitomu mtengo wina, kenako n'kukapempha chipukuta misozi pa mtengo wina. Komanso kulemba mtengo wabodza ndi mlandu pawokha. Ine wogula akapempha zimenezi ndimakana mwaulemu, ndipo akaumirira ndimalola kuti malondawo afe.

Pa nkhani ya wogulayo, maganizo anga ndi akuti mumubwezere ndalama zake osadikira positi. Amene anapangana ndi positi ndi inu wotumiza, ndipo ndi inu amene muli ndi ufulu wolandira chipukuta misozi, pokhapokha mutaupereka kwa wolandira. Ngati analipira kudzera pa PayPal, njira yolipirira pa intaneti, ali ndi masiku 180 oti adandaule kuti katundu sanafike, ndipo popanda umboni woti analandira, n'kovuta kuti mlandu ukukomereni.

Yemwe anagwirapo ntchito pa kauntala ya positi:
Ndikugwirizana nawo Bambowa. Chimene ndikukupemphani, Mayi, n'chakuti musazengereze kukalembetsa dandaulo, chifukwa madandaulo a katundu wopita kunja amalandiridwa m'miyezi 6 yokha kuchokera pamene munatumiza, ndipo iwiri yapita kale. Mutenge lisiti ya pa kauntala, umboni wa ndalama imene wogula analipira, ndi uthenga wake wonena kuti sanalandire kanthu. Musawerengere phindu limene mukanapeza pa malonda ena, popeza zotere sizilipiridwa.

Wogulitsa mbale zadothi:
Ndionjezereko za katundu wosweka, chifukwa zinandichitikira. Ndinalipira inshuwalansi yonse, koma anandikaniza chipukuta misozi ponena kuti sindinalongedze bwino, ndipo ndinalibe chowatsutsira. Kuyambira pamenepo ndimajambula katundu ndisanatseke katoni, ndipo ndimauza wogula kuti akapeza chosweka asataye katoniyo kapena zokutira zake mpaka a positi ataziona.

Wogulitsa makamera akale:
Zikomo kwambiri nonse. Wogula ndamubwezera ndalama zake madzulo ano, ndipo mawa m'mawa ndikalembetsa dandaulo. Pali kamera ina yoti ndiitumize sabata ino, ndipo ndayamba ndafunsa malire a inshuwalansi amene dziko la wogulayo limalola, kuti ndalama ya inshuwalansiyo ndiiphatikize pa mtengo wotumizira.