Kompuresheni yatsika pa masilinda awiri a Corolla yanga

Moni nonse a m'gulu lino. Ndili ndi Toyota Corolla ya petulo ya 1998, injini ya 5A-FE, yomwe ikuvuta kulira m'mawa ndipo ikufooka kwambiri pokwera chitunda chopita ku Bangwe. Ndinasintha mapulagi ndi fyuluta ya petulo, koma sizinathandize.

Makaniko wina ku Ndirande atayeza kompuresheni (mphamvu imene mpweya umapanikizidwira mu silinda) injini ili yotentha, silinda yoyamba ndi yachinayi zinapereka 170 psi (muyezo wa mphamvuyi), pomwe yachiwiri ndi yachitatu zinangofika 95. Titathira oilo pang'ono m'mabowo a mapulagi manambalawo sanakwere, choncho sindikukhulupirira kuti vuto ndi maring'i a mapisitoni (akanakhala otha, oiloyo akanatseka mpata manambala n'kukwera), ngakhale makanikoyo akuumirira zimenezo. Madzi m'radiyeta sakuchepa, utsi woyeranso palibe.

Kodi gasiketi ya hedi (chomatira cha pakati pa hedi, kapena kuti mutu wa injini, ndi masilinda) ingapse pakati pa masilinda awiri oyandikana galimoto osamwa madzi, kapena ndikayikire mavavu (tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi mu silinda)? Tiyezenso chiyani tisanatsegule hedi, poti ntchito imeneyo ndi yodula? Chonde ndithandizeni.