Matuza otuluka mbali imodzi ya chifuwa, tichite nawo bwanji?

Mayi wa ku Kawale:
Odi kuno. Abambo akunyumba atuluka matuza amadzi pachifuwa, kumanzere kokha, kuyambira pansi pa bere mpaka kumsana. Asanatuluke ankadandaula kuti pakhungupo pakuwotcha ngati apakapo tsabola. Lero ndi tsiku lachiwiri. Ena akuti tiboole ndi singano tipake mankhwala otsukira mano, ena akuti kangaude anawakodzera. Thandizeni.

Wachipatala, Area 25:
Amayi, mmene mwafotokozeramu zikufanana kwambiri ndi mashingozi. Kachilombo kake ndi komwe kaja ka katsabola. Munthu akachira katsabola ali mwana, kachilomboko sikachoka m'thupi, kamabisala m'minyewa ya pafupi ndi msana. Chitetezo chikatsika kamadzuka n'kutsata mnyewa umodzi mpaka kukatulukira pakhungu. N'chifukwa chake ululu umatsogola, ndipo matuzawo amalekera pakati pa chifuwa osawolokera mbali inayo.

Apite kuchipatala lero lomwe, kaya pa Kawale pompo kapena ku Bwaila. Mankhwala ake ndi acyclovir, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 chitulukireni matuza. Munthu wamkulu amamwa 800 mg kasanu patsiku kwa masiku 7: 6 koloko m'mawa, 10, 2 masana, 6 madzulo ndi 10 usiku. Akapatsidwa mapiritsi a 200 mg, ndiye kuti anayi nthawi imodzi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, amamwa limodzi poganiza kuti anayi achuluka. Azimwa madzi ambiri chifukwa mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndipo ngati ali ndi vuto la impso anene, mlingo umachepetsedwa. Acyclovir wopaka musatayirepo ndalama, pa mashingozi sachita kanthu.

Ayezetsenso HIV ndi shuga ulendo womwewo. Sikuti aliyense wa mashingozi ali ndi HIV, ukalamba nawonso umawadzutsa, koma kwa munthu wosakwana zaka 50 kuyezetsa sikofunika kuzengereza.

Namwino wa ku Biwi:
Za singanozo iwalani. Khungu la pamwamba pa thuza ndilo likuteteza chilonda, mukaboola mwatsegulira tizilombo, pachita mafinya, chipsera chake n'chachikulu. Phulusa, mankhwala otsukira mano ndi masamba osinja, zonsezo ayi.

Sambitsani ndi madzi ndi sopo wamba kamodzi patsiku, muumitse pogunditsa kansalu koyera, osakhula. Pakamawotcha, nyowetsani kansalu m'madzi ozizira muikepo mphindi 15, katatu kapena kanayi patsiku. Mankhwala opaka a calamine amachepetsa kuyabwa, koma pathuza lophulika asafikepo. Avale malaya athonje otakasuka. Panado mapiritsi awiri a 500 mg maola 6 aliwonse, osapitirira asanu ndi atatu patsiku. Matuza amauma n'kuchita nkhanambo pa masiku 7 mpaka 10, khungu limapola pa milungu iwiri mpaka inayi. Ululu ukapitirira khungu litapola kale, abwerere kuchipatala. Ululu umenewo ndi wa minyewa, sumva panado, madokotala amapereka ena monga amitriptyline.

Wachipatala, Area 25:
Ndiwonjezere zoti musadikire nazo kunja kuche. Matuza akafalikira mbali zonse ziwiri, akatuluka pamphumi, pamphuno kapena pafupi ndi diso, kapena thupi likatentha kwambiri, thamangirani ku Kamuzu Central. A pafupi ndi diso amatha kupha diso. Chimodzimodzi ngati ayamba posachedwa mankhwala monga Bactrim ndiye khungu likusupuka, m'kamwa muli zilonda, maso afiira: asiye kumwa, apite nthawi yomweyo. Kumbukiraninso kuti mu 2025 mpox inapezeka muno mu Lilongwe. Matuza ake amakhala olimbirako, satsata mzere umodzi, ndipo kawirikawiri amabwera ndi mwanabere.

Mayi wa ku Kawale:
Zikomo kwambiri. Nanga ana? Tili ndi wa miyezi inayi, komanso mlamu wanga ndi woyembekezera.

Namwino wa ku Biwi:
Mashingozi enieniwo sangawatenge, koma madzi a m'matuza amapereka katsabola kwa amene sanadwalepo. Khandalo asalinyamule pachifuwa mpaka matuza onse atachita nkhanambo. Pamalopo pazikhala pophimbidwa ndi malaya kapena bandeji yosamata, thaulo ndi zofunda zikhale zawozawo, ndipo inu muzisamba m'manja mukawagwira. Alamu anuwo atalikire kaye, ndipo ngati sanadwalepo katsabola akanene kusikelo kuti kunyumba kuli wodwala mashingozi.