Laputopu yanga siikuona hotspot ya foni yanga, thandizeni

Mphunzitsi_wa_Chadiza:
Muli bwanji nonse. Ndili ndi laputopu yakale ndithu, ndinagula ya salaula ku Chipata, ili ndi Windows 10 ndipo imasewenza bwino chabe kupatula nkhani ya wifi. Ndikayatsa hotspot pa foni yanga yatsopano, foni ya amai a kunyumba imaiona ndipo imalowa bwinobwino, koma pa laputopu dzina lake silituluka olo pang'ono. Chodabwitsa nchakuti MiFi ya aneba imaoneka pa list. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta ati tiifomate tiikemo Windows ina, manje ine ndili ndi ma scheme ndi ma mark a ana mmenemo, komanso ma assignment anga a distance afunika kutumiza sabata ino. Kodi palibe njira ina?

Mwale_Kapata:
Aphunzitsi yambani mwaona ngati airplane mode siyoyaka. Pa keyboard pamwamba pali batani lina lili ndi ka ndege kapena ka mlongoti, dinani Fn pamodzi ndi limenelo. Malaputopu ena akale ali ndi ka switch mmbali, ana akaseweretsa kamazima.

NaTembo_Katete:
AMwale, akanakhala airplane mode sakanaona MiFi ya aneba, pamenepo wifi ndi yoyaka. Aphunzitsi chonde musafomate, mungotaya ndalama ndi mafayilo a ana, vuto lidzakhala pompo. Wifi imayenda pa ma band awiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Malaputopu ambiri akale, makamaka otchipa aja, ka card kake ka wifi kamamva 2.4 yokha, ndiye foni ikamaulutsa pa 5 laputopu siingaione ngakhale mutaziika pa tebulo limodzi. MiFi ya aneba ija mukuiona chifukwa ili pa 2.4, foni ya amai imalowa chifukwa imamva zonse ziwiri.

Pitani mu Settings pa foni, pa Hotspot and tethering, lowani mu hotspot yeniyeniyo mufunefune pomwe palembedwa AP band kapena Band chabe, musankhe 2.4 GHz. Pa Samsung zili pansi pa Connections. Ngati ndi iPhone 12 kupita mmwamba yatsani Maximize Compatibility, ndi chimodzimodzi. Mukatero zimitsani hotspot, muyatsenso, mudikire pang'ono. Mukadali momwemo onaninso security, ikakhala pa WPA3 isintheni ikhale WPA2, chifukwa ma card akale WPA3 saidziwa, ena amaona dzina koma password amaikana ngakhale mwalemba yolondola, munthu mpaka kuyamba kukaikira zala zako.

Mukafuna kutsimikiza nokha tsegulani cmd (ka windo kakuda kolembamo ma command) pa laputopu mulembe netsh wlan show drivers, muone mzere wa Radio types supported. Pakangokhala 802.11b, g ndi n popanda a kapena ac, ndiye ndi ya 2.4 yokha. Sikuti yawonongeka ai, inapangidwa choncho. Ndipo 2.4 siyoipa, imafika patali komanso imadutsa bwino makoma kuposa 5, kungoti liwiro lake ndi locheperako, koma potumiza assignment simungaone kusiyana. Zimandiwawa kuona anthu akulipilitsidwa za kufomata pa chinthu chongosintha pa foni.

Zulu_Mchini:
Zoona zimene anena aNaTembo. Ine ndiwonjezere chabe za bundle, chifukwa ikangolowa pa intaneti laputopu yomwe yakhala nthawi osalumikiza imayamba kukoka ma update payokha, mukamati mutsegule email mupeza bundle yatha. Ikalowa dinani pa dzina la wifi, Properties, muyatse Set as metered connection. Ndipo ngati nthawi yakuthelani tengani chingwe cha USB chochajira, mulumikize foni ku laputopu muyatse USB tethering, palibe za band kapena password, foni imachajanso pomwepo, masiku a load shedding zimathandiza poti hotspot imadya batire kwambiri. Chingwecho chikhale cha data, zina za pa msika ndi zochajira chabe.

China, Windows 10 Microsoft anasiya kuithandiza pa 14 October 2025, ndiye samalani ndi zimene mumadawunilodi komanso ma flash a ku sukulu amene ayenda mmakompyuta onse aja. Ma mark a ana ikani kopi pena.

Mphunzitsi_wa_Chadiza:
Amai aNaTembo zikomo kwambiri, inalidi pa 5 GHz, ndasintha ndipo dzina latuluka, password yalowa. Metered ndayatsanso aZulu. Koma manje pansi palembedwa No internet, secured, Google siitseguka, pomwe pa foni WhatsApp ikuyenda bwino. Apa napo ndi chani?

NaTembo_Katete:
Ndiye laputopu ndi foni zagwirizana, chatsala ndi pakati pa foni ndi netiweki. Mwagula bundle yanji? Ngati ndi ya social ija ya WhatsApp ndi Facebook, imatsegula zomwezo basi, Google ndi portal ya ku koleji zifuna bundle ya data wamba. Yesani kutsegula Google pa foni penipeni, ikakana ndiye ndi bundle. Ikatseguka pa foni koma pa laputopu ai, onani deti ndi nthawi pa laputopu, zakale zija ka batire kakang'ono ka mkati kakatha deti imabwerera mmbuyo ndipo masamba ambiri amakana kutseguka, ngakhale zimenezo zimabwera ndi uthenga wina wa certificate. Komanso poti muli ku Chadiza kufupi ndi malire, yang'anani pamwamba pa foni ngati siyagwira netiweki ya dziko lina, zimachitika ngati pa boda ya Mwami, bundle ya kuno siisewenza pa roaming. Ikatero lowani mu Mobile networks muchotse automatic musankhe netiweki yanu pamanja, ndiye mutiuze yalemba chani.